Takondwa, a Mponda Sindikuwakhulupirira

Bangwe,
Lachitatu masana.

Mwana wanga Takondwa,

Ndakhala pakhonde pano ndi kope langa lojambulamo mafulayi, ndipo ndang'ambamo mapepala apakati kuti ndikulembere. Iwe ndi amayi ako muli ku Limbe kokagula jekete, mphwako ali kusukulu, nyumba yangoti zii. Ndikanatha kudikira kuti ndikuuze pakamwa, koma ukudziwa mmene zimathera ine ndi iwe. Ndikangoyamba umati, "Adadi, mwayambatu," amayi ako nkuseka, ine nkupsa mtima, nkhani nkufera pomwepo. Choncho kalatayi ndikupatsa mawa pa depoti. Uiwerenge basi ikadutsa Mwanza, pamene sungathenso kundiyankha.

Ndinene mosabisa: a Mponda, amene akupezera ntchitoyi, sindikuwakhulupirira. Akuti kupitirira Joni, kumapiri kozizira, kuli malo ogona alendo owedza nsomba za tirauti, ndipo eni ake akufuna munthu wodziwa kumanga mafulayi, mbedza zathu zovekedwa nthengazi. Mwina ndi zoona. Koma tsiku limene anabwera kuno ine ndinkawayang'ana manja. Unawapatsa fulayi yako ya nthenga ya nkhwali, ya thupi lachikasu ija, iwo nkuitsina kunthenga ngati akugwira chiwala, mpaka inaphwatalala. Munthu amene anakhalapo pafupi ndi ntchitoyi amagwira pokhota pa mbedza, nthenga osaikhudza, kenako amaiuzira pang'ono kuti aone ngati ikugwedera. Iwo sanauzire. Sanafunse saizi ya mbedza, sanafunse kuti nthenga timazipeza kuti. Anafunsa zaka zako, anafunsa ngati uli ndi chibwenzi, kenako anati uli ndi manja okongola. Ndinamva zonsezo ndikunamizira kusankha ulusi.

Ndikudziwa chimene ukunena mumtima. Ukuti mayi wa kumaloko, amene anaimba foni Loweruka, ntchito akuidziwa. Ndikuvomera. Ndinamumva akukufunsa kuti nthenga umaizunguliza kangati, ndipo utati kawiri iye anaseka nati kamodzi ndi theka nkokwanira. Ameneyo anagwirapo ulusi, palibe kukayika. Ndi chifukwa cha iyeyo ndakulola kupita, chifukwa poyamba ndinaganiza zokubisira pasipoti m'thumba la chimanga. Komabe nkhope yake sindinaione, tebulo lake sindinalione, ndipo pakati pa nyumba ino ndi mayiyo pali masiku awiri a ulendo ndi a Mponda.

Ndikuuze za nthenga za ku Limbe, chifukwa kukayika kwanga kumene kumakutopetsaku kunayambira pamenepo. Ntchitoyi ndinaidziwira ku Mulanje ndili ndi zaka ngati zakozi, ndikusamalira maluwa kwa mzungu wokalamba wa pa esiteti ya tiyi, amene ankakwera phiri kukawedza m'timitsinje tozizira. Maso ake atafooka anandikhazika pa tebulo kuti ndizimumangira, ndipo pobwerera kwawo anandisiyira vayisi, kachitsulo kopanira mbedza kamene nawenso waphunzirirapo. Nditasamukira kuno ku Bangwe, anzake owedza pa phiri la Zomba ndiwo anali makasitomala anga. Tsiku lina pa msika wa Limbe ndinakumana ndi munthu atanyamula jumbo ya nthenga zofiira, zofewa ngati thonje. Anati, "Achimwene, izi nza mbalame ya ku Mozambiki, kuno simungaione." Ndinazisisita, ndinaziuzira, mtima unangoti phaa ndi chimwemwe. Sabata yonse ndinamanga mafulayi okopa, aja osafanana ndi kachilombo kalikonse koma ongowala ndi kugwedera kuti nsomba ichite chidwi. Ndinakapereka monyada. Patapita masiku angapo mmodzi wa makasitomalawo anandiitanitsa. Moni sanandipatse. Anathira madzi m'tambula, naponyamo fulayi yanga imodzi, tonse awiri nkumayang'ana. Madzi anafiira ngati a chidede, nthenga nkutsala yoyera mbee. Inali ya nkhuku wamba, yonyikidwa mu utoto wa nsalu. Munthuyo anangoti, "Ndimayesa ndiwe mmisiri." Nkhani inazungulira owedza onse, ndipo mvula inagwa kawiri popanda wondiitana. Chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti tambula ndi madzi zinali m'nyumba mwanga sabata yonse ija. Sindinayese chifukwa ndinkafunitsitsa kuti zikhale zoona.

Nawenso ntchitoyi ukufunitsitsa kuti ikhale yoona, ndipo sindikukudzudzula. Wakhala pakhomo pano zaka zitatu chimalizire sukulu, anzako ena anakwatiwa, ena akugulitsa zovala ku Zingwangwa, iwe uli pa tebulo ndi bambo wokalamba wolongolola. Ndikumvetsa. Koma ukakafika, usanamasule chikwama, upemphe kuona malo ogwirira ntchito. Uyang'ane pansi pa tebulo. Pamene pamamangidwa mafulayi sipasowa tizidutswa ta ulusi ndi tinthenga touluka, ngakhale atasesa chotani. Ununkhize ngati mukumveka mankhwala a njenjete. Uone ngati pali nyale yowala bwino. Akakulowetsa m'nyumba mopanda vayisi ngakhale imodzi, muli atsikana amene sadziwa kuti diso la mbedza ndi pati, nkukuuza kuti zipangizo zibwera sabata ya mawa, usakhale pansi. Unene kuti waiwala kanthu m'galimoto, utuluke, ulunjike pamene pali anthu ambiri. Ulemu uzikapereka pambuyo pake pa foni.

Za pasipoti ndakuuza kangapo mpaka unayamba kundimalizira mawu, koma chifukwa chake sindinakuuzepo. Iwe uli wakhanda, bambo wina, a Matiki, anatsegula shedi ku Ndirande nasonkhanitsa ife omanga mafulayi kuti tizigwirira pamodzi, iwo azitumiza katundu kunja. Anali munthu waulemu, wovala tayi, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba ndi pemphero. Tsiku loyamba, nthawi yoweruka itakwana, anati, "A Namakhwa, zida zanuzi musamayende nazo m'maminibasi, akuba achuluka. Ndizikusungirani m'kabati muno." Ine ndinawomba m'manja kuthokoza. Ndinapereka vayisi, sizasi, ndi kope langa lakale mmene munali mafulayi onse amene ndinapeka ndekha. Miyezi yoyamba zinkayenda. Kenako anabweretsa mbedza zachabechabe, zoti ukakoka ndi chala zimawongoka, nati tizimangira pomwepo ndipo tiziunjika nthenga kuti fulayi izioneka yonenepa. Ndinakana. Ndinati ndikusiya ntchito, andipatse zida zanga. Anamwetulira nati, "Makiyi ali ndi madamu, mubwere mawa." Mawa lake madamu anali kumaliro. Sabata yotsatira makiyi anasowa. Popeza kunyumba ndinalibe chomangira, ndinkadzukabe kupita ku Ndirande kukamanga zinthu zimene ndinkachita nazo manyazi, mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndikukhulupirirabe kuti makiyi apezeka.

Anandiwombola ndi amayi ako. Tsiku lina osandiuza anakubereka kumbuyo, nakwera minibasi ziwiri, nakakhala pakhomo penipeni pa shedi ija atatambalala, moti wolowa ndi wotuluka ankachita kuwadumpha miyendo. A Matiki anatuluka nati, "Mayi, tikuthandizeni chiyani?" Amayi ako anati, "Ndabwera kudzatenga chitsulo cha bambo a mwanayu. Musadandaule za ine, ndadya kale, sindikufulumira." Iwe unayamba kulira, ndipo unali ndi mawu. Azimayi ogulitsa makala tsidya la msewu anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzafunsa kuti kwagwanji, amayi ako nkumafotokozera aliyense kuyambira pachiyambi, mokweza. Dzuwa lisanafike pamutu, makiyi anapezeka m'thumba la jekete la a Matiki. Vayisi inabwera, sizasi inabwera. Kope anati analibe. Chaka chotsatira ndinaona fulayi imene ndinapeka ine itakoledwa pa chipewa cha mlendo wina ku Zomba, ndipo nditafunsa anandiuza dzina lake lachizungu, nati anaigula kwawo.

Takondwa, ku Joni kulibe minibasi imene amayi ako angakwere kuti akakhale pakhomo. Pasipoti ikhale pathupi pako, m'kathumba kamene amayi ako akusokera mkati mwa siketi kaja. Pogona, posamba, ikhale pamene dzanja lako lingafike. Wina akati, "Bweretsa ndikusungire, kuno kuli akuba," udziwe kuti mawu amenewo ndinawamvapo, ndipo wonenayo anali atangomaliza kupemphera. Akafuna kuiona, aione uli chiimire pomwepo, kenako ibwerere m'manja mwako. Chimodzimodzi foni. Chimodzimodzi vayisi, imene ndaikulunga m'thawulo nkuiika pansi pa chikwama chako. Inde, ya mzungu ija. Usandibwezere, ine nditha kumangira vayisi yanga ina ija ya mano otha, maso anganso sakufunanso mbedza zing'onozing'ono. Ukakhala ndi vayisi yako, ulusi ndi sizasi, ungathe kuchoka pamalo paliponse nkukayamba kwina.

Za ntchito yeniyeniyo ndilibe zambiri zokuphunzitsa. Manja ako anandiposa kalekale, ngakhale sindinakuuzepo, poopa kuti ungayambe kuthamanga. Koma vuto lako ukulidziwa: ukakhala ndi mantha umachulutsa nthenga. Ndinakuona pamene unkamanga zoti uwajambulire anthu akowo, unazunguliza katatu mpaka mbedza inaoneka ngati tsache. Sabata yoyamba udzakhala ndi mantha, akukuyang'ana, ndiye ukumbukire. Usankhe nthenga ya pakhosi kapena pamsana pa mbalame, yofewa, osati youma ngati ya tambala. Uthothole mbali imodzi, umange kunsonga, uzungulize pang'ono, uleke. Tinthenga tikhale tapatalipatali kuti madzi azidutsamo nkumatigwedeza, chifukwa chimene nsomba imathamangira ndi kugwederako. Usiye mpata kuseri kwa diso la mbedza kuti mfundo yomalizira ya ulusi isatseke bowo, mlendo angakutukwane ali m'madzi ozizira akulephera kupisa chingwe. Ulusi upake phula. Ukamaliza, ukoke nthenga ndi zala ziwiri. Ikasuntha, dula uyambirenso, ngakhale palibe wakuona. Ndipo nthenga zilizonse zatsopano, kaya zachokera m'sitolo yooneka bwino chotani, uzinyike kaye imodzi m'madzi, zotsalazo uzisunge pazokha m'jumbo yomanga masiku angapo usanazisakanize ndi zako. Njenjete imodzi imatha bokosi lonse.

Fulayi yathu ija ya ulusi walalanje ndi kawaya ka mkuwa kochokera m'mawayilesi akufa, uziwamangira, ndiyo ikakudyetse. Koma zoti pansi pa ulusi walalanjewo timayamba tayala woyera, kuti mtundu usade ikanyowa, zikhale za iwe ndi ine. Anthu amayesa kuitengera, yawo ikalowa m'madzi imasanduka yodera, nkumadabwa. Wina akati akujambule pa foni manja ako ukumanga kuyambira poyamba, useke, unene kuti ukuchita manyazi. Akakhala anthu abwino, pakapita chaka udzasankha wekha wowauza.

Tsopano ndiulule chimene ndachita m'mawa uno mutangotuluka. Phukusi limene a Mponda anabweretsa Lolemba, loti unyamule iweyo ukapatse mlongo wawo ku Joni ngakhale eni akewo mukuyenda nawo limodzi, ndalitsegula ndi lezala. Ndapezamo tiyi, usipa wouma, botolo la tsabola wa kambuzi ndi chitenje chatsopano. Tiyi ndinamukhuthulira pa nyuzi nkumufufuza ndi zala. Chitenje ndinachipapasa m'mphepete monse. Botolo ndinaliunika padzuwa. Mulibe kanthu koipa. Ndabwezeramo zonse nkumata ndi tepi ya amayi ako, ndiye ukaona kuti mtundu wa tepi wasintha usawakalipire iwo, ndine. A Mponda akafunsa, unene kuti bambo anga ndi otero. Manyazi ndili nawo pang'ono, koma litabwera lina ndingatsegulenso. Panjira wina akakupempha kuti umugwirire kachikwama podutsa pa boda, kaya ndi a Mponda, kaya ndi mayi wa mwana kumbuyo, ukane. Ofufuza samafunsa kuti mwini wake ndani, amagwira amene wanyamula.

Mwina ukudabwa kuti bwanji ndatsegula mobisa, osawafunsa a Mponda maso ndi maso monga umandidziwira. Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndi imene ndimaopa kwambiri kukuuza. Uli ndi zaka zinayi, amalume ako a Layisoni, mlongo wa amayi ako, anabwera kuchokera ku Phalombe kudzafuna ntchito, ndipo ankagona pabalaza. Nthawi imeneyo mlenje wina wa ku Mulanje anandibweretsera chikopa chathunthu cha nkhwali, cha nthenga zamawangamawanga zokongola zimene sindinazionenso. Ndinachiumitsa ndi mchere nkuchiika m'katoni pamwamba pa kabati. Tsiku lina ndinapeza mulibe. Ndinakumbukira kuti a Layisoni ankakonda kufunsa kuti nthenga zoterezi amagula ndani. Ndinaonanso kuti sabata imeneyo avala nsapato zatsopano. Sindinafufuze, sindinawaitanire pambali. Ndinawapeza pampopi, azimayi a mzere wonse uno akutunga madzi, ndipo ndinakuwa kuti, "Alamu, ndakusungani, ndakudyetsani, malipiro ake nkundibera?" Anangoti, "Alamu, wakubayo ndine?" Analowa m'nyumba, natenga chikwama chawo, napita kukakhala kwa mnzawo ku Machinjiri. Amayi ako anakhala masiku ambiri osandilankhula.

Nsapato zija anawapatsa ndi mkulu wina wa kutchalitchi kuti akavale pokafunsira ntchito ya ulonda. Chikopa ndinachipeza ndekha mvula itayamba, nditakwera kukamata malata odontha. Pamwamba pa khoma panali chisa cha makoswe choyalidwa ndi nthenga zamawangamawanga. Ndinapita ku Machinjiri kukapepesa. Anandilandira, anandipatsa mpando, anati, "Zinatha, alamu." Koma iwe wakula ukuona kuti amalume ako akabwera kuno amakhala pakhonde, ndipo akakakamizidwa kulowa, chikwama chawo amachisiya panja pakhomo. Uli wamng'ono unandifunsa chifukwa chake, ine ndinati amamva kutentha. Ndinakunamiza. Amatero kuti chinthu china chikadzasowa m'nyumba muno, pasadzakhale wonena kuti chinatulukira m'chikwama chawo. Zaka zonsezi azimayi a pampopi aja ena anasamuka, ena anamwalira, koma amalume ako sanalowetsebe chikwama.

Ndiye uzikayika, mwana wanga, koma uzikayika ndi maso, pakamwa pakhale potseka mpaka utaona chenicheni. Kumene ukupitako mwina udzagona chipinda chimodzi ndi atsikana a mitundu ina, sizasi idzasowa, ulusi udzachepa, ndipo mtima udzakuuza dzina la munthu. Uyambe wayang'ana pansi pa bedi. A Mponda nawonso mwina ndi munthu wabwinobwino amene sadziwa nthenga komanso sadziwa kulankhula pamaso pa bambo wa mwana wamkazi. Mawa pa depoti ndiwagwira chanza, ndiwathokoza, ndiwauza kuti ayende bwino. Koma nambala ya basi ndilemba, ndipo mphwako andijambulira nkhope yawo pa foni iwo akukweza katundu. Iwe m'basimo ukhale pafupi ndi azimayi. Zakumwa uzitsegula wekha. Akati mutsike pamalo pena musanafike, kuti galimoto ina idzakutengeni, uyambe waimbira mayi uja umve kwa iye. Ndipo pasipoti, Takondwa, ikhale pathupi pako.

Nambala yanga ndi ya amayi ako uziloweze pamtima usanafike, foni imatayika. Uziimba Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Ukakhala bwino, unene zilizonse, za kuzizira, za chakudya chawo, za nsomba ngati adzakulole kuponya chingwe, chifukwa ine ndamanga mafulayi moyo wanga wonse koma tirauti ndinagwirapo ziwiri zokha. Koma zinthu zikakhala kuti sizili bwino, ndipo wina waima pambali pako kumvetsera, usalire, usafotokoze kanthu. Ucheze monga mwa masiku onse, kenako pomaliza unene kuti, "Adadi, mundiperekere moni kwa azakhali a ku Chilomoni." Ku Chilomoni tilibe azakhali. Ine ndidzayankha kuti, "Amva," ndipo iwe udzangodikira. Mwezi watha, masiku amene ndinkati ndikupita kukaonetsa maso kuchipatala, ndinkakaima pa mzere wa mapasipoti. Yanga inatuluka, ili m'sutikesi ya amayi ako. Basi yoyamba yonyamuka pambuyo pa foni imeneyo ndidzakhala ndilimo.

Tsamba lomalizali ukawerenga uling'ambe ulitaye pa windo. Mulungu akuperekeze, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
E. Namakhwa